Bokosi Lobwezedwa pa Mlatho

Kalekale, m'dziko lina, lamulo lalikulu linkanena kuti boma lisapangane kanthu ndi dziko lakunja popanda kufunsa anthu ake. M'dzikomo munali mayi wina woumba mbiya, dzina lake Nangondo. Manda a makolo ake anali tsidya lina la mtsinje.

Amayi ake atamwalira, adzukulu ananyamula bokosi kulowera kumandako. Pa mlatho anapeza asilikali achilendo, omwe anati tsidyalo tsopano ndi dziko lawo, maboma awiri anagwirizana kale. Bokosi linabwerera, ndipo malemuwo anaikidwa m'munda wa chinangwa ngati munthu wopanda kwawo.

Nangondo mtima unamuwawa koopsa. Atangometa maliro, ananyamuka kukafufuza amene anapereka manda awo.

Anayamba ndi kazembe, bambo Chidzanja, amene anasaina panganolo. Iwo anati dziko linalo linkafuna nkhondo, choncho kunali bwino kutaya katchire kusiyana ndi kukwirira anyamata.

"Mukanatifunsa," anatero Nangondo. "Mwina tikanavomera tokha."

Kazembeyo anati kufunsa anthu ndi ntchito ya phungu.

Phunguyo, mayi Nasimango, amene Nangondo anawavotera ataima pamzere dzuwa likuswa mtengo, sanakane kuti anakweza dzanja ku Nyumba ya Malamulo. Anati akuluakulu a chipani anaopseza kuti aliyense wokana achotsedwa, ndipo iwo akanachoka, chipatala cha m'deralo chikanathera pa maziko. Anakumbutsanso kuti msonkhano wofunsa anthu unachitika kuboma, ndipo mudzi wa Nangondo unatumako munthu.

Munthuyo anali Kambalame, mchimwene wake wa Nangondo. Anavomera atazolika kuti anapitadi. Mabwana ankalankhula chizungu chokhachokha. Iye anamva dzina la mtsinje wawo likutchulidwa, koma anachita manyazi kufunsa. Anzake ataomba m'manja, nayenso anaomba. Atabwerera, anauza mudzi kuti kunalibe nkhani.

"Achimwene, mudzi wonse unapereka pakamwa pake kwa inu, inu n'kukaomba m'manja?"



Nangondo anakadandaula kukhoti. Woweruza anati lamulo lalikulu linaphwanyidwadi, koma kufafaniza panganolo n'kuitana nkhondo. Chomwe akanatha ndi kulanga munthu mmodzi yekha, amene Nangondo angamutchule. Mayiyo anaimirira, atatu aja ali chilili patsogolo pake.

Nanga inu amene mwamva nkhaniyi, mukanakhala Nangondo, mukanaloza ndani?