Thumba Limene Mwandida Anataya Kudzala

Nkhani iyi ndinaimva kwa Mwandida mwini wake tikuchokera ku mapemphero a Lachinayi, ndipo ndikukupatsani, ana inu, monga anandipatsira. Pamene ndaiwala sindiikapo zanga.

Ku Limbe kunali tinyumba tiwiri ta amisiri a zamagetsi togundana khoma. Kena kanali ka a Nachanza, mayi wachikulire wosadziwa kuzungulira polankhula. Kena kanali ka Mwandida, amene anaphunzira ntchito kwa iwo, kenako n'kutsekula pakepake pambali pomwepo. Zimenezi zinawawawa a Nachanza, ndipo moni wawo unasanduka wa m'mphuno. Chimene ankagawana chinali dzala la zinyalala basi.

Chaka china Mwandida anapatsidwa ntchito yopanga mabolodi, timatabwa ta zamagetsi toyendetsa mafiriji a katemera a m'zipatala za kumidzi. Mabolodi otere sawotcherera ndi manja, pakuti tizipangizo take n'tating'ono ngati chikhadabo, miyendo yake yothithikana ngati tsitsi. Mmisiri amapaka phala la mtovu pabolodi, amayala tizipangizo pamwamba, n'kulowetsa mu uvuni kuti mtovu usungunuke ndi kugwira miyendo yonse nthawi imodzi. Tizipangizoto tinachokera kunja, tinatenga miyezi m'njira, ndipo kapadera kanali kamodzi kokha. Tikanawonongeka, ntchito ikanamuchoka Mwandida, mafiriji n'kukhala chozima.

Tizipangizo titafika, Mwandida anang'amba thumba lake lonyezimira ndi chimwemwe, n'kulitaya kudzala. Tizipangizo anatiika m'mbale pawindo kuti aliyense aone. Sabata imeneyo kunagwa mvumbi. Zovala sizinkauma, mchere unkalowa madzi m'botolo.

Tsiku lowotcha kunabwera a Likongwe, amene anapereka ntchitoyo, ndipo anzake a Mwandida anadzaza pakhomo akumuyamikira. Uvuni unali utatentha, iye atanyamula kale thireyi ya mabolodi, pamene a Nachanza analowa osaodira, thumba lonyowa lija lili m'manja.

"Iwe Mwandida, thumba ili unalitsekula liti?"

"Amayi, ndili ndi alendo."

"Alendowo ndawaona, maso ndili nawo. Ndafunsa za thumba."

"Sabata yatha," anayankha Mwandida, akupitiriza kulowetsa thireyi.

A Nachanza anamugwira khutu, nalitsina monga amachitira ndi mwana woba shuga, namukokera kumbuyo thireyi ikadali m'manja. Ndi dzanja linalo anazimitsa uvuni.

Pakhomo panamveka manong'onong'o: "Nsanje imeneyi." Mwandida anandiuza kuti misozi inalengeza, osati chifukwa cha khutu koma manyazi.

"Mwadikira tsiku la lero kuti mundinyazitse?"

"Manyazi saononga katemera, mwanawe," anatero a Nachanza. "Tizipangizo iti timamwa chinyezi ngati mchere, n'chifukwa chake timabwera m'thumba lomata. Ukatiponya pamoto waukulu tili chonchi, madzi a m'kati amawira, timaphulika ngati mbuliwuli. Unachoka kwa ine tisanafike pa phunziro limeneli. Ngati ndikunama, wotcha kapadera kaja tione."

Mwandida anaika kachipangizoko pabolodi lakale, nayatsa uvuni, mtima ukufunitsitsa kuti mayiyo achite manyazi. Mtovu utangoyamba kusungunuka kunamveka kuti the. Atatulutsa, kachipangizo kanali katatupa pamsana, mng'alu utadutsa pakati. A Likongwe anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Anthu a pakhomo aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi.

A Nachanza sananene kuti "ndinakuuza". Anangovula juzi n'kupempha mpando. Anapukuta phala lonse pamabolodi, naumitsa tizipangizo pa kutentha kochepa mpaka mawa lake. Kenako iwo ndi Mwandida anapakanso phala, nayalanso tizipangizo, nakonza uvuni, atamata kawaya koyezera kutentha pabolodi lenilenilo. "Usamakhulupirire zimene uvuni ukunena, funsa bolodi," anatero iwo. Kutentha kunkakwera pang'onopang'ono, n'kuima kaye kuti bolodi lonse lifunde mofanana, n'kukwera kamphindi mpaka mtovu unyezimire, kenako n'kutsika mosathamanga. Mabolodi onse anatuluka amoyo, ndipo mafiriji anapita kumidzi.

Mwandida analowa kwa a Nachanza, malo amene anali atasiya kupondako, nagwada.

"Amayi, zikomo. Anzanga onse ankaombera m'manja ndikupita kuphompho."

"Khutu lapola?"

"Likadatentha."

"Lisiye litenthe pang'onopang'ono. Ukalifulumiza liphulika."

Anaseka onse awiri. Mwezi usanathe anaboola khoma lija n'kuikapo chitseko. Ndipo munthu akamufunsa Mwandida kuti wagwirizana bwanji ndi munthu amene anamunyazitsa pagulu, iye ankagwira khutu lake n'kuyankha kuti, "Wakutsina khutu ndi mnansi."

Ena amati mwambiwu ndi wakale kuposa magetsi, ndipo sinditsutsana nawo. Ine ndangonena mmene ndinamvera. Tanthauzo lake ndi ili, ana inu: munthu wokuchenjeza, ngakhale mawu ake akuwawe, ndiye wako weniweni. Wosakufunira zabwino amangoonerera, pakuti kukhala chete sikumutayitsa kanthu. A Nachanza akanatha kulisiya thumba lija kudzala. Ine ndikamapemphera ndimathokoza Mulungu chifukwa cha anthu amene amatola thumba, n'kulowa osaodira.