Mvuu Agula Okala ya Gologolo

Kalekale, pamene nyama zinkachita malonda ngati ife, kutsidya kwa mtsinje kunali msika wotentha wotchedwa Pamkuyu. Mvuu, mwini matumba a mchere wa tsidya lino, ankaulakalaka msikawo mpaka dovu chuchuchu.

Tsiku lina anawoloka ndi katundu wake yense, khuvu! khuvu! Pachipata anapeza Khwangwala, mkulu wa msika, kolala ili mbee.

"Imani pomwepo, bwana! Lamulo la kuno likuti mlendo sagulitsa ngati alibe okala mumsika muno."

"Ndiye ndimanga yanga!"

"Mlendo samanga."

"Ndiye ndigula ya eni mudzi!"

"Kugula ndiye n'kololedwa."

Mvuu anaseka, mimba gwedegwede. Lero okala imodzi, mawa ina, mkuja msika wonse m'kamwa mwake!

Gologolo, wogulitsa mtedza, anamva zonse. Anatsika mumtengo, mchira uli neng'a.

"Achimwene aakulu, gulani yanga! Ili pakatikati pa msika, pamthunzi, ogula ali piringupiringu. Mungondipatsa theka la mcherewu."

Mvuu sanafunse n'komwe zokaiona. Theka la matumba pansi, phi! Khwangwala anachitira umboni.

"Tsono okala yangayo ili kuti?"

"Si iyo!" Gologolo analoza mphako ya mumkuyu, khomo lake ngati chibakera.

Mvuu maso tong'o. "Chabwino, ndiyala mchere panja."

"Khwaa! Lamulo likuti wogulitsa akhale m'kati mwa okala," anatero Khwangwala.

Mvuu anayesa mphuno, yakana. Anayesa mwendo, wakana. Anatembenuka n'kuyesa chammbuyo, kamchira kokha lowu! Msika wonse unagwa nacho chiseko. Apo kumwamba kunada bii, mvula ikugunda, mchere uli pamtetete.

"Gologolo mphwanga, ndithandize! Mchere wanga usungunuka!"

"Ndilembeni ntchito, bwana. Ine ndizigulitsa m'katimo, phindu tizigawana pakati."

"Pakatinso? Okalayo si yanga?"

Dontho loyamba, tho! pamphumi pake.

"Pakati! Pakati! Fulumira!"

Gologolo anaimba mluzu. Abale ake anatsika mbwee, n'kututira mchere wonse kumphako ndi zikho.

Mpaka lero pamkuyupo amati ndi pa okala ya Mvuu, koma wonenepa ndi Gologolo. Mwini wake amangokhala mumtsinje, maso okha ali pamtunda, kuyang'anira bizinesi yake.

Nthano yatseka okala pamenepa. Inu ofuna kukagula sitolo kwa eni, yambani mwayeza khomo.