Tsiku Limene Matope Adalowa m'Tchalitchi

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Umene ndikuuzeni lerowu udabadwira m'katchalitchi kofolera ndi udzu m'mudzi wa Nkhwangwa, m'masiku a mkulu wa mpingo wina dzina lake a Gidiyoni Kamtedza.

A Kamtedza anali munthu wabwino, koma ukhondo wawo unali wonyanya. Loweruka lililonse akazi awo, a Nasibeko, ankazira pansi m'tchalitchimo ndi dothi lakuda, n'kukhula ndi mwala wosalala mpaka pansi pochita kunyezimira. Tsono Lamulungu a Kamtedza ankaima pakhomo. M'malo moyang'ana nkhope za anthu, ankayang'ana mapazi.

"Bwererani mukasambe kaye. Muno ndi m'nyumba ya Mulungu," ankatero.

Obwezedwawo ankapitadi kukasamba, koma sankabweranso. Mapeto ake mpingo wonse udatsala ndi anthu asanu ndi awiri, ambiri a iwo okalamba. Abusa, amene ankabwera panjinga kamodzi pa miyezi itatu, adalankhula mosapsatira mawu: "Ndikadzapezanso mabenchi opanda anthu, titseka. Muzikapemphera kutchalitchi chachikulu cha kusiteshoni." Kusiteshoniko unali ulendo wa maola atatu, wowoloka mitsinje iwiri, ndipo nkhalambazo sizikanatha kukafika.

Nkhaniyi idawapweteka a Kamtedza. Adayamba kupemphera mofuula mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera: "Ambuye, tivumbitsireni Mzimu wanu Woyera ngati mvula! Dzazani nyumba yanuyi!" A Nasibeko ankangowerama pabenchi yakumbuyo. Mayiwa anali amanyazi kwambiri moti ngakhale "Ameni" wawo sankamveka.

Lamulungu lina mu Disembala, pemphero lomweli lili mkati, kunja kudada bii, mvula n'kukhuthuka. Kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wa mango, anthu ankamwa mowa wa masese kwa Chidzanja, katswiri woimba ng'oma. Denga lapafupi linali la tchalitchi. Adathamangira komweko, anthu ngati makumi atatu, matope mpaka m'misomali.

A Kamtedza adadula pemphero osanena n'komwe "Ameni", n'kukatchinga pakhomo.

"Imani pomwepo! Muno si m'khola!"

"Pepani akuluakulu, tingousako mvulayi," adatero Chidzanja, ng'oma ili m'khwapa, madzi akuchucha m'ndevu. "Ikakata tituluka."

Apo m'pamene kumbuyo kudamveka mawu amene mpingowo unali usanawamvepo.

"Bambo, tachokani pakhomopo."

Anali a Nasibeko, ataimirira. Pambuyo pake ankafotokoza kuti adangomva kutentha m'chifuwa, mantha onse n'kubalalika, miyendo n'kuimirira yokha.

"Kodi amazira muno ndani, inu kapena ine? Ngati ndi wodandaula ndikhale ine. Miyezi yonseyi mwakhala mukufuula kuti Ambuye adzaze nyumba. Mumayesa adzaidzaza ndi angelo osaponda pansi? Lowani, abale anga! Lowani nawo matopewo!"

Nkhalamba zija zidaphulika kuseka. A Kamtedza manja adagwa okha, ndipo khamulo lidalowa, phwatha phwatha, pansi ponyezimira paja n'kusanduka ngati m'dimba.

A Nasibeko sadakhalenso pansi. Adawafotokozera alendowo za ophunzira a Yesu, amene adadzitsekera m'nyumba chifukwa cha mantha, mpaka Mzimu Woyera adawatsikira, iwo n'kutuluka kukalankhula ndi anthu a mitundu yonse. "Inenso ndinali wodzitsekera," adatero. "Lero ndatsekulidwa." Kenaka adayambitsa nyimbo. Chidzanja adapirira ndime imodzi yokha. Pa yachiwiri manja adamuyabwa, ng'oma n'kuyamba kulira, ndipo ngakhale agogo oyendera ndodo adadzuka kuvina.

Mvula idakata, dzuwa lidawala, koma palibe amene adatuluka. A Kamtedza adayang'ana pansi, adayang'ana mabenchi odzazawo, misozi n'kulengeza. Anali ndi manyazi, komanso anali asanasangalalepo chotere.

Sindikunamizani kuti onse adatembenuka mtima. Ena adabwerera kumasese awo. Koma ambiri adabweranso Lamulungu lotsatira, atatenga ndi ana awo, ndipo Loweruka ozira adali amayi khumi.

Abusa atafika mu Januwale adasowa poimika njinga. Anthu ena ankamvera ulaliki ali pamazenera. Atatha mapemphero abusawo adafunsa akumwetulira: "A Kamtedza, kutseka ndiye sititseka. Koma pansi panu ponyezimira paja papita kuti?"

"Abusa, ine ndinkalira mvula," adayankha a Kamtedza akuseka. "Sindinkadziwa kuti ndikulira ndi matope omwe."

Mawuwo adawanda m'midzi yonse, n'kukhala mwambi: "Walira mvula, walira matope." Tanthauzo lake n'lakuti chabwino chilichonse chimene ukupempha chimabwera ndi zovuta zake, ndipo sungalandire china n'kukana chinzake. Wofuna mpingo wamoyo alandirenso phokoso, ntchito ndi anthu amene sadawasankhe, pakuti Mzimu Woyera amaitana amene wafuna, ndiponso amalankhulitsa amene simumamuyembekeza.

A Kamtedza adapitiriza kuima pakhomo paja mpaka ukalamba wawo, koma tsopano ankagwira anthu chanza n'kumawayang'ana kumaso. Mapazi adawasiyira eni ake.