Sitima ya Maginito ya a Telala

Kuseri kwa shopu yokonzera mawotchi kunali chipinda chimene makasitomala sankachidziwa. Pakati pake panali tebulo lalikulu, ndipo pamwamba pa tebulolo panazungulira tinjanji todutsa pa milatho ya timitengo n'kukalowa m'phiri la mapepala omata. Loweruka lililonse masana, mwini shopuyo, amene aliyense ankangowatchula kuti a Wotchi, ankatseka chitseko cha kumsewu, ndipo amuna asanu aimvi ankalowa m'chipindamo kukayendetsa tisitima toseweretsa ta mabatire. Musawaseke. Ena amaweta nkhunda, ena amathera Loweruka ku mpira, koma awa mtima wawo unagwa pa sitima, ndipo anali atazisonkhanitsa kwa zaka zoposa makumi awiri.

A Wotchi anali munthu wa manja odekha koma pakamwa pothamanga. Ankatola kasikuluwu kochepa ngati mchenga osaphonya, chonsecho mawu awo ankatuluka asanayezedwe. Tebulo linali lawo, chipinda chinali chawo, choncho chimene anena iwo ndicho chinali lamulo.

Mnzawo wa pamtima m'gululi anali mlamu wawo, a Telala, mwamuna wa mlongo wawo. Awiriwa ndi amene anakhoma tebulolo ndi kuyala njanji zoyamba. Koma panali patatha zaka ziwiri chiyambire matenda onjenjemeretsa manja a a Telala, moti makina osokera anali atawaphimba ndi nsalu. Tsono sitima zakalezo zinkafuna zala zomvera. Kuti uike batire unkayamba wamasula denga ndi sikuludiraiva, ndipo mabogi ankalumikizidwa ndi timbedza tachitsulo tofuna diso ndi kudekha. A Telala zonsezi zinali zitawakanika. Ankabwerabe Loweruka lililonse, n'kuima chapakona manja ali m'matumba, akumati, "Yendetsani inu, ine lero ndingoonerera." Anali munthu wamanyazi, wosafuna kugwiriridwa kanthu. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi basi: kuikanso sitima yawo pa tebulo lija ndi manja awoawo, osapempha munthu.

Kenaka kampani yopanga sitimazo inazisintha zonse. Timbedza inatichotsa n'kuika maginito, moti mabogi akangoyandikana ankagwirana okha. Batire linkalowa pongokankha kachitseko ndi chala, ndipo pamwamba panali batani lalikulu loyatsira. Thupi la sitima linanenepa, utoto unawala mopitirira, ndipo tizitseko ndi timakwerero tosemedwa bwino tija anangotijambula ndi penti. Njanji zokha ndi zimene sanazisinthe.

M'magulu a pafoni a osonkhanitsa sitima munagwa maliro. M'chipinda cha a Wotchi namonso zinali chimodzimodzi tsiku limene mmodzi wa anzawo aja, a Kalaliki, anabwera ndi chithunzi cha sitima zatsopanozo.

"Yatupatu ngati yalumidwa ndi njuchi," anatero Aphunzitsi, atatsitsa magalasi pamphuno.

"Ndaimva ikulira m'sitolo," anatero a Dalaivala. "Ngati makina ometera tsitsi, ndithu."

A Telala anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anafunsa chapansipansi kuti, "Mwati mabogi ake akumagwirana okha?" Koma a Wotchi anali atayamba kale kulalikira. Anati kampaniyo yanyoza anthu amene anaisunga zaka zonsezi, yataya luso n'kutola ulesi. Atatha kulankhula anang'amba katoni, n'kulembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti PANO PAMAYENDA ZAKALE ZOKHA, n'kuikhoma pakhoma. Pa za kukongola, kunena zoona, sankanama. Sitima zakale zinali zokongoladi.

Patatha masabata awiri, a Telala anafika atavala malaya ositasita, atakumbatira jumbo pachifuwa. Sanapite pakona pawo paja. Anayenda mpaka patebulo, n'kutulutsa sitima yobiriwira ya mtundu watsopano ndi mabogi awiri. Manja ankanjenjemera, koma anakhazika sitimayo panjanji, n'kukankhira bogi loyamba pafupi. Linagwira lokha, lachiwirinso chimodzimodzi. Anadina batani ndi chala chachikulu, sitima n'kunyamuka. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana, ndipo aliyense m'chipindamo ankatsatira sitimayo ndi maso pamene inkakwera mlatho.

Isanalowe m'phiri, dzanja la a Wotchi linaitola, magudumu ake akuzungulirabe m'malere.

"Alamu, kodi kuwerenga munaiwala?"

"Ndawerenga, alamu. Ndimangoti mwina kamodzi kokha."

"Aleke imalize ulendo wake, a Wotchi," anatero Aphunzitsi. "Ikuvuta chiyani?"

Pamenepo munthu wanzeru akanaibweza sitimayo panjanji n'kuseka. Koma a Wotchi anaona kuti lamulo lawo likuyesedwa pamaso pa anthu, ndipo mtima unakwera.

"Lero imodzi, mawa tebulo lonse ladzaza zinyalala," anatero. "Izi anapangira makanda ndi anthu opanda manja. Pano pamasewera amisiri."

A Dalaivala anayang'ana pansi. A Telala anatambasula manja onse awiri kuti alandire sitima yawo, ndipo tsopano ankanjenjemera kwambiri moti batani lozimitsira linawakanika. Anaiponya m'jumbo ikulirabe, n'kutolera mabogi awo mmodzimmodzi.

"Mwanena zoona, alamu," anatero mofatsa. "Pano ndi pa amisiri."

Anatuluka, ndipo otsalawo anamva kulira kwa kasitimako m'jumbo mpaka chitseko cha kumsewu chitatsekeka.

Loweruka lotsatira a Telala sanabwere, linzake lomwe ayi. Aphunzitsi anawakokera a Wotchi pambali n'kuwauza kuti apite akapepese zinthu zisanazizire. A Wotchi anangogwedeza phewa. "Wakwiya ndi mfiti," anatero moseka. "Mtima ukatsika abwera okha. Ine ndimanena sitima, sindimanena munthu."

Mwezi utatha, m'shopu munalowa mlongo wa a Wotchi, mkazi wa a Telala uja. Sanabwere ndi wotchi yoti ikonzedwe, ndipo mpando umene anapatsidwa anaukana.

"Achimwene, mukudziwa kuti alamu anu anayeserera masiku angati sitima ija? Masiku asanu ndi anayi, atagwada pansi pabalaza. Tsiku limene zinatheka anandiitana ndili kochapa, akuti, mayi, thamangani mudzaone, ndalumikiza ndekha. Munthu wamkulu uja analira misozi. Malaya aja ndinasita ine, akuti akufuna akaoneke bwino pamaso pa anzawo."

"Koma achemwali, ine ndimanena sitima."

"Sitima ilibe makutu, achimwene. Amene anamva ndi munthu. Chichokereni kuno satulukanso pakhomo. Ngakhale kudya akudyera kuchipinda, akuti ana asamaone manja awo."

A Wotchi mawuwo anawalasa, ndipo tsiku limenelo wotchi imene ankakonza inawakanika. Komabe kudzikuza ndi katundu wolemera kutula. Anati apita sabata yamawa. Sabatayo itakwana anati ntchito yachuluka. Ina itakwana anati akufuna apeze kaye mawu abwino oyambira. M'chipinda muja namo munayamba kuzizira. Aphunzitsi anasiya kubwera osatsanzika, a Dalaivala ndi a Kalaliki anayamba kupeza zifukwa, mpaka Loweruka lina a Wotchi anapezeka ali okha, akuyang'ana sitima yawo yokongola ikuzungulira tebulo popanda woiyamikira. Apo m'pamene chisoni chinawagwira zenizeni, ndipo anazindikira kuti chimene chinkakometsa chipindacho sichinali timbedza tachitsulo.

Panali patatha miyezi inayi. Anazula katoni ija pakhoma, n'kupita kusitolo ya zidole, kumene anagula sitima yofiira ya mtundu watsopano womwe ankaunyoza uja. Kuchokera kumeneko analunjika kwa mlamu wawo.

Anawapeza a Telala atakhala pampando wa ndalema pakhonde, ataonda, manja ali pamiyendo akugwedezeka osapuma. Mlongo wa a Wotchi anatulutsa mpando wina n'kubwerera m'nyumba. Atapatsana moni, a Wotchi anavula chipewa.

"Alamu, ndabwera kudzapepesa. Ndinalankhula ngati chitsiru. Pepani, pepani kwambiri."

"Ndamva, alamu," anayankha a Telala, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Palibe mlandu. Ndinu achimwene a akazi anga, tingadane bwanji?"

A Wotchi anapepukidwa. Mofulumira anatsegula bokosi, n'kuika batire, n'kukhazika sitima yofiirayo pamiyendo pa mlamu wawo.

"Chikwangwani chija ndachotsa. Loweruka likubwerali ndidzakutengani ndekha, ndipo yoyamba kuyenda patebulo idzakhala iyi. Mudzaiyatsa inuyo."

A Telala anaiyang'ana sitimayo mwachikondi. Anakweza dzanja lamanja n'kulunjikitsa chala pa batani lija. Chala chinapita kumbali. Anayesanso, chinagunda denga. Kachitatu dzanja linakankha sitimayo, ikanagwa pansi a Wotchi akanapanda kuiwakha. A Telala anabweza dzanja lawo pamwendo, n'kuligwira ndi linzake.

"Miyezi inayi yapitayo ndikanatha," anatero. "Adokotala anali atandiuza kuti manjawa atsala ndi nthawi yochepa. N'chifukwa chake ndinathamangira kubwera nayo tsiku lija, ngakhale ndinaona chimene munalemba. Ndinkafuna izungulire kamodzi kokha patebulo limene tinakhoma tonse, basi."

A Wotchi anayang'ana sitima imene inali m'manja mwawo. Munthu amene moyo wake wonse ankabweza mawotchi akufa kuti ayambenso kuyenda anaona kuti miyezi inayi ija sangaibweze.

"Ibwezereni m'bokosi, alamu, ingathyoke," anatero a Telala, osakwiya konse. "Mukapatse amene ali ndi manja."

A Wotchi anatsika masitepe a pakhondepo bokosi lili kukhwapa, misozi ikutsikira m'ndevu, osasamala kuti anthu a mumsewu akuwaona. Anali atakhululukidwa ndithu, koma chimene anawalanda mlamu wawo tsiku lija panalibenso njira yochibwezera. Akuluakulu sananame pamene anati pepani sapoletsa chilonda.