Bwana Adzikana pa Foni

Akuba atayamba kuimbira nthambi za kampani modzitcha mabwana, bwana Chimbalanga adalamula kuti lamulo lililonse la pa foni lizitsimikizidwa ndi nthambi zonse zitatu.

Tsiku lina bwanayo adaimbira a Nyirongo, oyang'anira nthambi ya ku Mzuzu.

"Lole ya kampani ikatule njerwa kwa chibwenzi changa, mwakachetechete. Mukakana, ntchito yatha."

"Chabwino bwana," adayankha a Nyirongo, "koma masiku ano akuba akumayankhula ngati inu nomwe. Nditsimikize kaye ku Zomba ndi ku Limbe."

Nthambi ya ku Limbe ankaiyendetsa ndi akazi awo a bwanayo.



"Musafunse," bwana adatero chapansipansi. "Sindine Chimbalanga."

"Ndinadziwa kale, wakuba iwe!" adakalipa a Nyirongo, nadula foni.