Mmene Gologolo Analemerera ndi Mphuno ya Nguluwe

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu amene mukunamizira kuti simukumvetsera, nyama zinali ndi msika wawo pansi pa mkuyu. Pamsikapo panali Gologolo, wogulitsa mtedza. Mpamba wake unali lichero limodzi basi. Akagulitsa, amakapikula wina. Akagulitsanso, amakapikulanso wina. Iye ankadya kaphindu kotsala pamwamba, mpamba sankaukhudza.

Panalinso Nguluwe. Ameneyu sankagulitsa kanthu, sankagulanso kanthu. Ntchito yake inali kulawa. Mwambo wa pamsika mukuudziwa: umalawa kaye, kenaka n'kugula. Nguluwe anatolapo theka loyamba la mwambowo, theka linalo anasiyira ena.

Tsiku lina anaima pa lichero la Gologolo.

"Mphwanga, mtedzawu ndi wa chaka chino?"

"Wa chaka chino, akuluakulu."

"Ndilaweko."

Kukutu kukutu, mulu woyamba psiti.

"Mbali iyi ukumveka ngati wofumbwa. Ndilawe mbali inayo."

Kukutu kukutu, mulu wachiwiri psiti. Atafika pansi pa lichero anapukuta kukamwa n'kunena kuti, "Sunaume bwino. Sindigula." Anayenda pang'ono, n'kubwerera. "Nanga basela?"

Kamtedza kotsala Gologolo anali atakabisa m'masaya. Mpamba wonse tsopano unali umenewo, wongokwana m'masaya awiri. Mimba inati, "Meza." Mutu unati, "Ukameza, mawa ukayamba ganyu, ndipo udzafera paganyu." Ananyamula lichero lake lopanda kanthu, ulendo wa kwawo.

M'njira anapeza NaNkhanga, mayi wamasiye, akulimbana ndi munda wake. Kunali kutentha kwa mvula isanagwe, nthaka itauma gwa. Khasu likamenya linkangodumpha, ngwe, ngwe. Pambali pa mundawo panali pamene Nguluwe anafukula dzulo lake pofuna chinangwa chimodzi. Dothi lake linali lofewa ngati ufa, malo okwana kumangapo nyumba. Gologolo anayang'ana dothilo, anayang'ana mayiyo, anayang'ananso dothilo. Analavulira mtedza uja m'lichero.

"Mayi, nditakutembenuzirani munda wonsewu mawa dzuwa lisanafike paliwombo, mungandipatse chiyani?"

"Iwe? Ndi timanja timeneto?"

"Timanja ndi tanga, munda ndi wanu. Tchulani mtengo."

"Lichero la mapira."

"Awiri."

"Mwanawe, ndine wamasiye."

"Limodzi ndiye, koma losefukira. Ndipo likhale lichero lanu lalikulu lija, osati lophunzitsira ana kupeta."

Anagwirizana. Madzulo amenewo Gologolo anakwirira mtedza wake m'mundamo, umodzi apa, wina uko, wina kuseri kwa chitsa, wina pangodya. Anagona ndi njala.

M'mawa anakakhala panjira imene Nguluwe ankadzera, nkhope ili khuma.

"Akuluakulu, ndakupemphani. Dzulo munalawa, sindinadandaule. Koma m'munda wa NaNkhanga mokha musapondemo."

Makutu a Nguluwe anaima. "Muli chiyani?"

"Mulibe kanthu. Makamaka kumunsi kuli chitsa kuja, kulibiretu kanthu."

Gubudu gubudu, Nguluwe uyo. Anazika mphuno pachitsa paja, fuku fuku fuku, mtedza umodzi. Kukutu.

"Pamene pali umodzi pali thumba," anatero. Fuku fuku fuku.

Gologolo ankatsatira m'malire akulira. "Mwandimaliza, akuluakulu. Chonde pangodya yakumtundayo pokha musafikepo." Nguluwe n'kuthamangira pangodya yakumtunda. "Mayo, pakati apo mwadumphapo, pasiyeni choncho." Nguluwe n'kubwerera pakati. Dzuwa lisanafike paliwombo munda wonse unali wotembenuzidwa, thukuta lili kamukamu pa Nguluwe, m'mimba mwake muli mtedza wosakwana kukhutitsa mbewa. Anapita akuseka kuti wabera munthu.

NaNkhanga anabwera ndi lichero lalikulu lija, losefukira.

Mapirawo Gologolo anagulitsa, n'kupikula mtedza. Anaugawa patatu: wina wa m'lichero, wina wokwirira, ndipo wotsala, wochepetsetsa, wa m'mimba. Mbiri inawanda. Anabwera a Kamba, anabwera a Nungu, anabwera a Njiwa ndi akazi awo. Aliyense ankafuna munda wake utembenuzidwe mvula isanagwe, ndipo popeza mitambo inali itayamba kuda, mtengo unakwera. M'mawa uliwonse Gologolo ankalira panjira, kulira kwake kukusintha dzina la munda basi. M'mawa uliwonse, fuku fuku fuku.

Nguluwe ankadzitama kwa aliyense. "Kagologolo kameneka ndakatha. Kulikonse kumene kabisa, ine ndimafukula." Kumsika anasiya kubwera, chifukwa masana ankagona ndi kutopa. Ogulitsa anayamba kunenepa.

Koma Gologolo ankadziwa kuti khasu lokhala ndi makutu tsiku lina limamva. Choncho sanagule mkanda, sanagule chipewa. Anapeza munda wakewake, analira panjira komaliza, mundawo unatembenuzidwa, anadzalamo mtedza ndi mvula yoyamba. Kenaka anamanga nkhokwe pamwamba pa mtengo wa mbawa, kumene mphuno siifika.

Amene anaulula anali a Kamba, osati mwa njiru, koma mwa ulemu. Mbewu zitamera, anakumana ndi Nguluwe pachitsime.

"Zikomo ntchito ija, achimwene. Munagwira bwino zedi. Malipiro ndinapereka kale kwa abwana anu."

"Abwana anga ndani?"

"A Gologolo. Kapena mwasintha ntchito?"

 Nzeru zikamalowa m'mutu waukulu ngati wa Nguluwe zimayenda ulendo. Zitafika, gubudu gubudu, mpaka patsinde pa mbawa.

"Tsika."

"Ndikumva bwino ndili konkuno, akuluakulu."

"Wandilimitsa minda ya dziko lonse. Msana wanga sukuwongoka. Nkhokweyo ndi yanga."

"Ndinakutumani liti? Ine ndinkakuletsani, misozi ili chuchuchu. Funsani aliyense wodutsa panjira ija. Inu munkaba, ine ndinkalira. Wakuba amalipidwa kuyambira liti?"

Nguluwe anagunda mtengowo ndi mutu. Mbawa siinamve, mutu ndi umene unamva. Anakhala pansi.

"Chabwino. Ndiuze chinsinsi chake, nanenso ndilemere."

Gologolo analibenso chowopa. Munda anali nawo, nkhokwe anali nayo, khasu lija sankalifunanso. Ndiye anaganiza zonena zoona, kwaulere.

"Choyamba, mpamba sadya, ngakhale mimba ilire ngati ng'oma."

"Zimenezo ndi za anthu aang'ono mimba. Chachiwiri?"

"Chachiwiri, gulitsani chimene anzanu akuchisowa..."

"Kufukula. Ndamva. Mphuno ndi yanga, malipiro akhale anga." Gubudu gubudu, fumbi koboo.

"...pa nthawi imene akuchisowa," anamaliza Gologolo, akuuza fumbi. Monga mwa chizolowezi chake, Nguluwe anali atatola theka loyamba.

Anafika m'munda wa NaNkhanga. Mapira anali atafika m'mawondo, obiriwira, akugwedezeka ndi kamphepo. Fuku fuku fuku. Ulendo uno anagwira ndi mtima wonse, popeza inali bizinesi yakeyake. Sanasiye ngakhale phesi limodzi lili chiimire. Atamaliza anakagogoda pakhomo.

"Mayi, munda wanu ndatembenuza. Malichero awiri, opanda mkhalapakati. Ndipo poti ndinu kasitomala woyamba, dimba lanu la mbatata ndakufukulirani ngati basela."

NaNkhanga anapita kukaona. Analira kulira kumene nkhanga zimalira mpaka lero. Mudzi wonse unatuluka, wina ndi mpini, wina ndi mwala, a Nungu ndi minga yawo. Nguluwe analipidwa tsiku limenelo, mosefukira, ndipo sanapemphe basela. Mbewu yobwerezera kudzala NaNkhanga anakaipeza kwa Gologolo, amene anamuyezera ndi lichero lalikulu, pokumbukira amene anamugula poyamba.

N'chifukwa chake mpaka lero nguluwe imalowa m'minda mbewu zitamera, kufukula ndi khama, n'kumadabwa kuti malipiro ake ndi miyala. Gologolo naye akadakwirirabe mtedza apa ndi apo, n'kukwera mumtengo kukadikira.

Mulu wanga wathera pamenepa, lichero ndakutumula. Basela nayu, poti mwakhala mpaka kumapeto: ukazolowera kudya mpamba wa mnzako, uzicheuka, mwina mpamba wake watsopano ndiwe.