Kansalu Kofiira pa Phiko la Ndege

Panali munthu wina, mlimi wa makadamiya kumapiri a kum'mwera, amene anagwa ndi ndege yake Loweruka lina la mwezi wa Novembala, itangokwana 8 koloko m'mawa. M'ndegemo anali ndi mwana wake mmodzi yekhayo, wamkazi, atavala diresi la ukwati. Ndegeyo sinathe mphindi imodzi m'mwamba. Palibe anamwalira. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa nkhaniyi yadutsa m'makamwa ambiri. Ena aiwonjezera moto umene sunayake, ena ufiti umene panalibe. Chimene chinachitika n'chaching'ono kuposa zonsezo, ndipo kuopsa kwake kuli pomwepo.

Munthuyo anali a Chisale. Sanali munthu wosasamala. Ndegeyo, ya mipando inayi ndi injini imodzi, anali ataiulutsa zaka khumi ndi zinayi popanda ngozi. Inkagona m'shedi yopanda zitseko, pambali pa bwalo la udzu limene anasalaza pakati pa munda. Kumapeto kwa bwalolo kunali mzere wa mitengo ya bulugamu. Nthawi yoikonza ikakwana ankaitana makaniko wokalamba wa ku tauni, a Mataka, ndipo chimene a Mataka anena chinkachitika.

Kuti mumve bwino zotsatirazi, dziwani chinthu chimodzi cha ndege zoterezi. Pansi pa phiko lakumanzere pamakhala kapaipi kotalika ngati chala, koloza kutsogolo. Bowo lake ndi laling'ono, phesi la udzu limalowa mothina. Ndege ikamathamanga, mphepo imalowa m'bowomo n'kukankha kamuvi pa wotchi imene imasonyeza liwiro. Chimene chimasunga ndege m'mwamba ndi liwiro. Likachepa, mapiko amaleka kunyamula ngakhale injini ikulira bwinobwino. Woyendetsa sangalimve liwirolo ndi thupi monga wapanjinga amamvera mphepo kumaso. Amadalira kamuviko.

Choncho ndege ikaima, kapaipi kaja amakaveka kachivundikiro kokhala ndi kansalu kofiira kolendewera, kutalika ngati mkono. Kufiirako n'kwadala, kuti munthu asanyamuke asanakachotse.

A Mataka ankakonda kunena kuti, "Bwana, mdani wa ndege iyi si mphezi ayi. Ndi mavu aja oumba timiphika tadothi pakhoma. Akapeza bowo sapempha malo kwa munthu. Lero amanga, mawa alowetsamo ndiwo za ana awo, mkuja atseka chitseko."

A Chisale ankaseka, koma ankamva. Asanauluke ankaizungulira ndegeyo wapansi, kuyambira pachitseko. Akafika paphiko lakumanzere ankachotsa kansalu kofiira, ndipo poti dzanja lili kale pamenepo, ankawerama n'kusuzumira m'bowo. Anachita zimenezi kambirimbiri mpaka analeka kuziganizira. Dzanja ndilo linkatsogolera diso.

Mwana wawo, Sungeni, atapeza banja, bambo ake anamulonjeza kuti pa tsiku la ukwati sadzagwedezeka maola anayi pa msewu wafumbi. Adzamutengera okha ku tauni pa ndege, ulendo wa mphindi makumi anayi, n'kukamupereka kutchalitchi diresi lili loyera.

Lolemba la sabata ya ukwati anafika alongo awo aakulu, a Nachisale, kudzatsogolera zokonzekera. Mayi ameneyu ndi amene analera a Chisale amayi awo atamwalira. Anawabereka kumbuyo, anasiya sukulu kuti iwo aphunzire. A Chisale ankalamula antchito mazana awiri, koma pamaso pa alongo awo ankalankhula motsitsa mawu.

Masana a tsikulo a Nachisale anapita ndi amayi ena kukaona ndege imene idzanyamule mkwatibwi. Atafika pashedi anaima chilili. Kansalu kaja kanali kukupiza ndi mphepo.

"Achimwene, kodi m'ndegemu mwafera ndani?"

"Simunafe munthu, achemwali. N'kotsekera kabowo basi."

"Nsalu yofiira timamangirira pa galimoto yonyamula maliro. Inu mwaimangirira pa chinthu choti chinyamule mwana kupita ku ukwati. Akuchimuna akubwera Lachitatu. Mukufuna akanene kuti kwa Chisale adzikonzera kale zovuta?"

A Chisale anayesa nthabwala. "Amene anapanga ndegeyi sadziwa za maliro athu."

"Nanga amene akukwatiwayu ndi mwana wa amene anapanga ndegeyo?"

Amayi aja anaseka. A Chisale nawonso anaseka.

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona. A Chisale akanatha kufotokoza za mavu, ndipo sizikanawatengera mphindi ziwiri. Akanatha kudula kansaluko n'kusiya kachivundikiro. Akanatha kumangapo nsalu yoyera. Koma anaona kuti kuphunzitsa mlongo wamkulu pamaso pa amayi ena n'kumuchotsa ulemu. Mumtima anati, ndi masiku asanu okha, amayiwa akachoka ndibwera kudzamatapo kanthu kena. Anatambasula dzanja nachotsa kachivundikiro pamodzi ndi kansalu kake.

"Bweretsani kuno ndisunge ine," anatero a Nachisale, "mungaiwale n'kubwezeretsapo." Anakapinda n'kukaika m'chikwama chawo cha m'manja.

Amayi aja atachoka kunabwera a matenti. A matenti atachoka kunabwera a ng'ombe yophera alendo. A Chisale sanabwererenso kushedi. Lachiwiri inagwa mvula yoyamba, ndipo pafupi ndi mpopi wa pashedi panachita matope.

Loweruka kunacha bwino, kotentha. Anthu a pamunda ndi a m'midzi yozungulira anadzaza mbali zonse ziwiri za bwalo. A Chisale anaizungulira ndege monga mwa masiku onse. Anayang'ana matayala, anayesa mafuta, anagwedeza mapiko. Atafika paphiko lakumanzere panalibe chochotsa. Dzanja silinapite pamenepo, ndipo diso silinapitenso. Anadutsa.

Sungeni anakwera, amayi awiri akumunyamulira diresi kuti lisakhudze udzu wonyowa. Kumbuyo anaika masutikesi ndi mphatso.

"Adadi, musandiulutsire velo," anatero akumanga lamba.

"Velo ndi lako, ndege ndi yanga. Aliyense asamale chake."

Injini inalira, nthungululu zinayamba, ndege inayamba kuthamanga. Itafika pakati pa bwalo a Chisale anaponya diso pa wotchi ya liwiro, napeza kamuvi kali gone pamene kanagona usiku. Lamulo la woyendetsa ndege aliyense pamenepa ndi limodzi, ndipo iwo ankalidziwa: kamuvi kakapanda kudzuka, tseka mafuta, ima. Bwalo linali likadalipo lokwanira. Koma pawindo anaona mipango ikukupizidwa, ana asukulu akuthamanga m'mbali, alongo awo ataimirira patsogolo pa onse. Anaganiza za kuima pakati pa nthungululu, kutsitsa mkwatibwi, ndi kufotokoza. Anati mumtima, ndegeyi ndimaidziwa ngati thupi langa. Anaikweza.

Bowo lotsekeka lili ndi bodza lake. Mphepo imene yatsekeredwa m'kati imayamba kukankha kamuvi ndege ikamakwera, ngakhale liwiro lisakuwonjezeka. Choncho atangochoka pansi kamuvi kaja kanadzuka n'kuyamba kuyenda. Mtima wa a Chisale unakhala pansi, poganiza kuti kanangokakamira. Mitengo ya bulugamu inali kutsogolo, ndipo anakweza mphuno ya ndege kuti aidumphe. Kamuvi kanapitirira kukwera. Liwiro lenileni linali kutsika. Kabelu kochenjeza kuti liwiro lachepa kanalira, ndipo kwa masekondi awiri kapena atatu anakhulupirira kamuvi m'malo mwa kabelu.

Amene anali pansi anaona ndege itakweza mphuno ngati ikufuna kuima m'malere. Kenaka phiko lakumanzere linapendekera pansi, ndipo inagwa m'munda wa chimanga umene anali atangouunga mizere, kutsidya kwa mitengo. Dothi lonyowa ndilo linawapulumutsa. Phokoso silinali lalikulu. Amene analimva amati linali ngati la mulu wa malata ukugwa pa lole.

Nthungululu zinaduka pakati. Kwa kanthawi palibe anasuntha. Anthu mazana anangoima, mipango ili m'manja, akuyang'ana pamene panali ndege. Woyamba kuthamanga anali a Nachisale, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, nsapato atazisiya pa udzu.

Anapeza a Chisale atatuluka okha, magazi ali kumaso, akukoka chitseko cha mbali inayo ndi manja onse awiri. Amuna atafika anathandizana kumutulutsa Sungeni. Anali maso, osalira. Mwendo wake wakumanja unali utaphwanyika pansi pa bondo, ndipo magazi ankatuluka mothamanga kwambiri moti diresi linasintha mtundu anthu akuona.

"Chingwe! Pezani chomangira!" anatero mmodzi wa amunawo.

Panalibe chingwe. A Nachisale anatsegula chikwama chimene chinali chikadali pamkono pawo, ndipo chimene dzanja linapeza chinali kansalu kofiira kaja. Kanali kolimba, kopangidwira dzuwa ndi mphepo. Anamanga nako pamwamba pa bondo, anapotokola ndi kamtengo, magazi anachepa.

"Azakhali," anatero Sungeni, "wina aimbe kutchalitchi. Anthu asadikire."

Ulendo umene bambo ake anafuna kumupewetsa anauyenda ndithu, atagona kumbuyo kwa galimoto, pa msewu womwe uja. Madokotala anati amene anamanga mwendo uja anapulumutsa moyo. Mwendowo sanathe kuupulumutsa. Anaudula pansi pa bondo Lamlungu m'mawa.

Patapita masiku anayi kunabwera ofufuza za ngozi za ndege, ndipo a Mataka anabwera nawo. Anayang'ana injini, inalibe vuto. Anayesa mafuta, anali oyera. Kenaka a Mataka anagwada pansi pa phiko lopindika lija, anayala pepala loyera, nalowetsa kawaya m'kapaipi. Papepalapo panagwa kadothi kouma, kukula kwake ngati njere ya nyemba. Atakaswa ndi chikhadabo, m'kati munali kambozi kobiriwira, kakadali kamoyo.

Anthu amene anazungulira pamenepo anayang'ana kadothiko, anayang'ana ndege yophwanyika, anayang'ananso kadothiko. A Mataka anatembenukira kwa a Chisale akadali chogwada.

"Bwana," anafunsa motsitsa, "kachivundikiro kanali kuti?"

Asanayankhe a Chisale, a Nachisale analankhula. "Ndinachotsetsa ndine. Ndinati n'chizindikiro cha maliro."

Panamveka kung'ung'udza. Kuyambira Loweruka lija ena anali atayamba kale kunong'ona kuti mayiyu sankaufuna ukwatiwo, ndipo tsopano anaona ngati apeza umboni. A Chisale anaimirira movutika, chifukwa nthiti zawo zinali zomangidwa.

"Ayi, achemwali. Inu simunkadziwa ntchito ya kansalu kaja. Munanena zimene mumadziwa, ndipo munanena pofuna kuteteza mwana. Amene ankadziwa za mavu ndine. Ndinachotsa ndi dzanja langa, osakuuzani kanthu." Anatembenukira kwa ofufuza aja. "Lembaninso ichi. Kamuvi kanandiuza ndili pansi. Ndinakaona. Koma ndinaonanso anthu."

Tsopano inu amene mukumva fanizoli, musafulumire kuloza chala mwambo, kapena mayi wokalamba, kapena mavu. Mavu anachita ntchito yawo. Mayiyo anafunsa funso loyenera yankho. Amene analakwa ndi munthu amene anali ndi yankho m'kamwa n'kulimeza kawiri, koyamba poopa kukhumudwitsa mkulu, kachiwiri poopa manyazi pagulu, ndipo kawiri konseko anakutcha ulemu. Aliyense wa inu ali ndi chinthu chimene amachidziwa yekha pakhomo pake kapena pantchito pake: namwino, dalaivala, mmisiri, mayi wosunga mankhwala m'nyumba. Tsiku lina munthu amene mumamulemekeza adzakupemphani kuti muchotse kanthu kooneka konyansa kamene kakutchinga tsoka. Gwadani ngati n'koyenera kugwada, tsitsani mawu, koma nenani chimene mukudziwa. Ndipo ngati munakhala chete koyamba, chenjezo likabwera kachiwiri imani, ngakhale mudzi wonse ukuimba nthungululu.

Sungeni anakwatiwa mwezi wa Julaye chaka chotsatira, ndi mwamuna yemwe uja. Analowa m'tchalitchi ndi mwendo wochita kupanga, mkono wina atagwira bambo ake, wina azakhali ake. A Chisale sanagulenso ndege. M'shedi muja tsopano amasungamo matumba a makadamiya, ndipo mvula yoyamba ikagwa mavu amaumbabe timiphika tawo pakhoma.